Mafunso ndi mayankho: kusamalira galimoto yothamanga ndi kusankha masipeyala ake

Mafunso ali pansipa ndi omwe amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu amene ali ndi galimoto yothamanga, monga Porsche 911, BMW M3, Nissan GT-R, Subaru WRX STI kapena Honda S2000. Ena amafunsa asanagule, ambiri amafunsa zitavuta kale. Ndayamba ndi mafunso a aliyense, kenako ndalowa m'kati mwa injini. Pamene nkhani yayankhidwa kale pena, ndangokulozerani komweko.

Kodi galimoto yothamanga imafuna chisamaliro chosiyana ndi galimoto wamba?

Inde, ndipo gwero lake ndi kutentha. Injini ya V8 ya BMW M3 ya m'badwo wa E92 imazungulira maulendo 8,400 pa mphindi imodzi, ya Honda S2000 yoyambirira imafika 9,000. Pamenepo chimene chikuletsa chitsulo kukhulana ndi chinzake ndi oyilo wopyapyala kuposa tsitsi. Oyiloyo akakalamba kapena akachepa, palibenso chotchinjiriza.

Mabuleki nawo ali m'moto womwewo. Ntchito yawo ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, kutentha koti mabuleki alandire kumawirikiza kanayi. Ndiye chifukwa chake zinthu zimene pa galimoto wamba mungazinyalanyaze chaka chathunthu osaona vuto, monga mafuta a mabuleki kapena zaka za matayala, pa galimoto yothamanga zimaululika tsiku lomwe mwaponda moto.

Nditsatire nthawi ya sevisi yolembedwa m'buku, kapena ndiifupikitse?

Buku ndi poyambira, koma liwerengeni bwino. Mabuku ambiri ali ndi ndandanda ziwiri: ya kayendetsedwe wamba ndi ya kayendetsedwe kolemetsa. Fumbi, nyengo yotentha kwambiri, kuthamangitsa pa bwalo la mpikisano, ngakhalenso timaulendo tifupitifupi, zonsezi zili mu ndandanda yachiwiriyo. Timaulendo tifupi timadabwitsa anthu, koma injini ikamazimitsidwa isanatenthe, petulo ndi chinyezi zimatsalira mu oyilo n'kumusukulutsa.

Ine ndimasintha oyilo ndi filita pakati pa makilomita 8,000 ndi 10,000, kapena chaka chikatha, ngakhale kompyuta ya galimoto ikunena kuti nthawi ikadalipo. Sungani malisiti onse. Tsiku logulitsa galimoto, mulu wa malisitiwo umalankhula kuposa penti yowala.

Ndithire oyilo wanji?

Yambani ndi manambala awiri aja, monga 0W-40 kapena 5W-30. Loyamba likunena mmene oyilo amayendera injini ikakhala yozizira, lachiwiri mmene amakhuthalira pa madigiri 100. Koma manambalawa paokha sakwanira. Makampani ambiri ali ndi chivomerezo chawochawo: Porsche A40, BMW Longlife-01, MB 229.5 ya Mercedes, VW 502 00. Tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo. Pali kusiyana pakati pa botolo lolembedwa kuti oyiloyo wavomerezedwa ndi kampani ya galimoto, ndi lolembedwa kuti "ndi woyenera" galimoto zoterozo. Loyambalo linayesedwa ndi eni injini, lachiwirilo ndi mawu a wogulitsa oyilo.

Cholakwa chofala ndi kuganiza kuti oyilo wokhuthala ndiye woteteza kwambiri. Injini za BMW M monga S54, S65 ndi S85 zinapangidwira 10W-60, pomwe Toyota GT86 ndi Subaru BRZ zinapangidwira 0W-20. Mukathira 10W-60 mu injini yofuna oyilo wopepuka, m'mawa amachedwa kufika ku maberingi, ndipo zida zosintha nthawi ya mavalavu, zomwe zimayenda ndi mphamvu ya oyilo, zimayamba kuchedwa.

Chizolowezi chimodzi chomwe ndimalimbikitsa aliyense: filita yakale musaitaye msanga. Iduleni, tambasulani pepala lopindapinda lija, mulione padzuwa. Timadontho takuda sitidetsa nkhawa. Koma mukaona tinthu tonyezimira tofiirira ngati mkuwa m'mizere ya pepalalo, maberingi ayamba kudyeka, ndipo mwadziwa injini isanagogode.

Kodi galimoto ndiziitenthetsa ili chiimire ndisananyamuke?

Ayi. Lizani, dikirani theka la mphindi, nyamukani mofatsa. Injini imatentha msanga ikamayenda, ndipo giyabokosi ndi difu (chogawira mphamvu ku mawilo) sizitentha galimoto ili chiimire. Chofunika ndi kusaikweza injini kupitirira maulendo 3,000 pa mphindi (rpm) kapena chapamenepo mpaka oyilo afike madigiri 80. Musanyengedwe ndi muvi woonetsa kutentha kwa madzi: madzi amatentha msanga, oyilo amabwera pambuyo. BMW inaika timagetsi pa wotchi ya rpm ya M3 ya m'badwo wa E46 tomwe timazima kamodzikamodzi injini ikamatentha, pofuna kuphunzitsa dalaivala zomwezi.

Ngati galimoto ili ndi turbo (chida chokankhira mpweya wochuluka mu injini), samalaninso pofika. Mtanda wa turbo umazungulira kupitirira maulendo 100,000 pa mphindi, ndipo mukazimitsa injini turbo ili yofiira, oyilo wotsalira m'kati amapsa n'kuuma ngati makala. Makilomita awiri kapena atatu omaliza yendani pang'onopang'ono.

Petulo wa octane wotsika angawononge injini?

Octane ndi muyeso wa mmene petulo amapiririra osaphulika yekha, ndipo nambala yofunika yalembedwa kuseri kwa kachitseko ka thanki. Galimoto zambiri za gululi zimafuna 98 pa muyeso wotchedwa RON, zina zimalola 95. Ku United States ndi Canada amawerengera mwanjira ina, moti 93 wawo ali pafupi ndi 98.

Petulo wotsika amaphulika yekha nthawi yake isanakwane. Sensa ya injini imamva kugogodako n'kuchedwetsa moto wa mapulagi, choncho ulendo umodzi wofatsa suwononga, mphamvu imangochepa. Kuopsa kuli pa kuponda moto ndi petulo woteroyo, makamaka pa injini ya turbo: mapisitoni amasweka m'mphepete mwa malingi, matenda odziwika pa injini za Subaru za EJ. Kuthira octane woposa amene buku lanena sikuwonjezera mphamvu.

Masipeyala a "genuine", a OEM ndi a aftermarket amasiyana pati?

Kampani ya galimoto sipanga zonse yokha. Mabuleki ambiri amachokera kwa Brembo kapena ATE, masensa kwa Bosch, kilatchi kwa Sachs, magiyabokosi kwa ZF, mashoko kwa Bilstein, mafilita kwa Mahle kapena Mann, mapulagi kwa NGK kapena Denso. Sipeyala ya genuine ndi yomwe yabwera m'bokosi la kampani ya galimoto. Ya OEM ndi yopangidwa ndi kampani yomwe ija inapangira eni galimoto, koma m'bokosi lakelake. Nthawi zina mukagula mkono wa sasipenshoni wa Lemförder mumaona pamalo pamene chizindikiro cha kampani ya galimoto chinapalidwa: chitsulo n'chomwecho, bokosi ndilo lasintha. Aftermarket ndi ena onse, ndipo m'gulu limeneli muli zabwino kuposa zoyambirira, mulinso zinyalala.

Ine ndimagawa motere. Masensa, magasiketi, masili, maberingi a injini ndi chilichonse cha timing (zoyendetsa nthawi ya mavalavu): genuine kapena OEM basi, popeza ntchito yomasula ndi yaikulu ndipo simufuna kuibwereza. Sensa yotchipa yoyeza mpweya ikhoza kukuzunguzani miyezi, galimoto ikuyenda koma osati bwino, kompyuta osaonetsa vuto lenileni. Mapadi, mashoko, mabushu ndi ekizozi: apa aftermarket ya dzina lodziwika ndi yabwino, bola mudziwe chimene mukufuna kusintha. Pa mapadi oyendera mumsewu funani chizindikiro cha ECE R90, lamulo la ku Ulaya lotsimikiza kuti amagwira pafupifupi mofanana ndi oyambirira.

Ndidziwa bwanji kuti sipeyala ikwana pa galimoto yanga?

Gulani ndi nambala ya VIN (nambala ya chasisi), ya zilembo ndi manambala 17, osati ndi dzina la galimoto ndi chaka chokha. Makampani amasintha zinthu pakati pa chaka, ndipo galimoto ziwiri zooneka zofanana zikhoza kukhala ndi madisiki osiyana kukula chifukwa imodzi inaitanitsidwa ndi mabuleki akuluakulu. Kuchokera pa VIN mupeze nambala ya sipeyalayo. Ngati nambalayo inalowedwa m'malo ndi ina yatsopano, tengani yatsopanoyo, kawirikawiri ndi yomwe vuto linakonzedwa.

Yatsopano ikafika, iikeni pambali pa yakale musanamange: mabowo, utali, mano a pulagi ya waya. Funsaninso ngati mabawuti ake ndi omangidwa kamodzi kokha. Mabawuti a mutu wa injini, a ma con-rod (ndodo zolumikiza mapisitoni ku mtanda wa injini) ndi ena a aluminiyamu amatanuka pomanga, ndipo kuwabwezeretsa ndi kuputa ngozi. Mashoko, masipulingi, madisiki ndi mapadi amasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi.

Nanga masipeyala abodza ndingawazindikire bwanji?

Ndi ovuta kuzindikira, ndipo inenso anandigwira. Ndinagula mapulagi a iridium pa intaneti kwa wogulitsa amene sindinamufufuze. Bokosi linali lokongola, dzina lolondola. Patangotha milungu yochepa injini inayamba kudumphadumpha pokwera chitunda. Nditamasula, kansonga kaja koyenera kukhala kosongoka ngati singano kanali katadyeka n'kubulungira, ndipo zilembo za pa gawo loyera la pulagi zinkafufutika ndi chala. Zinandipweteka, chifukwa chidutswa cha pulagi chikanagwera mu silinda nkhani ikanakhala ina.

Mapulagi, mafilita, mapadi, makoyilo ndi oyilo ndizo zimabedwa dzina kwambiri. Yang'anani zilembo zosalongosoka, washa wosakhazikika, ulusi wosasalala, ndi mtengo wotsika modabwitsa. Koma chitetezo chenicheni ndi kugula kwa ogulitsa ovomerezedwa ndi kampani yopanga.

Masipeyala ochotsedwa pa galimoto ina ndi abwino?

Zitseko, magalasi, nyali, mipando ndi zam'kati: palibe vuto. Injini kapena giyabokosi: pokhapokha pali umboni wa makilomita ndi mbiri ya sevisi. Malimu muwapimitse kaye ngati alibe ming'alu kapena kupindika. Ma airbag, malamba a pampando, mapaipi a mabuleki, mapadi ndi chilichonse cha labala, musagule chakale.

Mafuta a mabuleki ndiwasinthirenji pomwe sanachepe?

Chifukwa amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo madzi amatsitsa madigiri owirira. Malamulo amati mafuta atsopano a gulu la DOT 4 asawire pansi pa madigiri 230, koma akamwa chinyezi amatsika kufika cha ku 155. DOT 5.1 amayambira pa 260 n'kutsikira ku 180. Mafuta akawira mumabwera thovu, ndipo thovu limafinyika: mumaponda buleki n'kumva ikupita pansi yopanda kanthu. Izi sizichenjeza, zimachitika potsetsereka patali kapena pakona yachisanu ya pa bwalo.

Sinthani zaka ziwiri zilizonse, ndipo ngati mumapita ku bwalo, sinthani nyengo ya mipikisano isanayambe. Samalani ndi dzina: DOT 5, wopanda .1, ndi wa silikoni, sasakanizidwa ndi enawo ndipo sayenera galimoto za ABS (chida choletsa mawilo kuuma poponda buleki). Botolo lotsegulidwa kalekale musalikhulupirire.

Ndiike mapadi ndi madisiki a mpikisano kuti iziima bwino?

Ngati mumayenda mumsewu wokha, ayi. Mapadi ambiri a mpikisano amagwira bwino akatentha kwambiri. Akazizira amalira, amadya disiki, ndipo buleki yoyamba ya m'mawa imakhala yofooka. Padi yabwino ya mumsewu ndi mafuta atsopano, monga tanenera pamwambapa, zimathetsa madandaulo ambiri.

Disiki iliyonse yachitsulo ili ndi muyeso wotsiriza wodindidwa pa iyo, wolembedwa MIN TH. Muyeze, musangoyang'ana. Pa madisiki obowola, ming'alu ing'onoing'ono yozungulira bowo imapezeka, koma ikalumikiza mabowo awiri kapena ikafika m'mphepete, disikiyo yatha. Madisiki a carbon-ceramic, monga PCCB a Porsche, sapyapyala ngati achitsulo, amapsa m'kati n'kupepuka, choncho amayezedwa pa sikelo kapena ndi chida chapadera. Amafuna mapadi awoawo, ndipo pochotsa tayala samalani limu lisagunde m'mphepete mwake, amabenthuka.

Mapadi atsopano aziyamba azolowetsedwa: imani mwamphamvu pang'ono maulendo angapo motsatizana osafika poimiratu, kenako yendani kuti azizire. Kunjenjemera kumene anthu amati disiki yapindika nthawi zambiri kumakhala zotsalira za padi zomwe zinamatirira malo amodzi chifukwa munaima chipondere buleki disiki ili yamoto.

Pa matayala ndiyang'ane chiyani?

Zinthu zinayi: saizi, chilembo cha liwiro, nambala ya katundu ndi tsiku lopangidwa. Chilembo V chimalola makilomita 240 pa ola, W 270, Y 300. Musatsike pa chomwe chalembedwa pachitseko, ngakhale simufika liwirolo, popeza chilembocho chikunenanso za kulimba kwa tayala likatentha. Makampani ena ali ndi matayala opangidwira galimoto zawo: N ya Porsche, nyenyezi ya BMW, MO ya Mercedes, AO ya Audi.

Tsiku lili pa manambala anayi omaliza pambuyo pa mawu oti DOT. Mukaona 3521, ndi sabata ya 35 ya chaka cha 2021. Apa ndi pomwe eni galimoto zosungidwa amapusitsika. Mapanga a tayala akadali akuya, koma labala inauma kalekale. Dinani ndi chikhadabo: tayala latsopano limalola, lokalamba limakhala gwa, ndipo m'mizere muli timing'alu. Likadutsa zaka 6 liyang'anitsitseni, likafika zaka 10 lichotseni ngakhale likuoneka bwanji. M'mayiko ambiri malire a lamulo a kuya kwa mapanga ndi mamilimita 1.6, koma tayala lotambalala limayamba kuyandama pamadzi lisanafike pamenepo, choncho ine ndimasintha cha pa mamilimita 3.

Musasakanize mitundu pa ekiselo imodzi. Pa galimoto yokoka ndi mawilo onse anayi, monga WRX STI, tayala limodzi latsopano pakati pa atatu otha limavutitsa difu yapakati chifukwa kukula kwasiyana. Mpweya muyeze matayala ali ozizira. Tayala likamadyeka m'kati mokha, pimitsani alayimenti ndi mabushu musanagule lina.

Lamba wa timing kapena tcheni, ndisinthe liti?

Lamba amawerengedwa ndi makilomita komanso zaka, chomwe chayamba kukwana. Akaduka, pa injini zambiri zotere mapisitoni amagunda mavalavu. Sinthani pamodzi ndi tenshena, mapule ndi pampu ya madzi ngati ikuyendetsedwa ndi lambayo. Dziwiranitu kukula kwa ntchitoyo musanagule galimoto: pa Ferrari F355 injini imatsitsidwa kuti malamba asinthidwe, pa 360 amalowera kuseri kwa mipando, pomwe F430 ili ndi tcheni.

Tcheni ilibe tsiku loikika, koma imatanuka oyilo akamachedwa kusinthidwa. Phokoso la khotchokhotcho polizira m'mawa ndi chenjezo.

Kodi pali matenda odziwika a galimoto zina?

Alipo, ndipo kuwadziwa ndi theka la chisamaliro. Injini za Porsche za M96 ndi M97, za mu 911 ya m'badwo wa 996 ndi 997 yoyambirira, Boxster ndi Cayman, zili ndi beringi ya IMS (ya pa mtanda woyendetsa matcheni a timing) yomwe ikafa imapita ndi injini yonse. Pa injini zoyambirira imasinthika giyabokosi ikachotsedwa, choncho eni ambiri amaisintha pamodzi ndi kilatchi. Injini yatsopano ya 2009 ilibenso beringi imeneyi. Pa BMW, injini za S65 ndi S85 zimadya maberingi a ma con-rod, ndipo ambiri amawasintha asanagogode. Kudula filita kuja, komwe tafotokoza pa funso la oyilo, kumathandiza apa. M3 ya E46 imang'ambika pansi pomwe pamangidwa sabufulemu yam'mbuyo.

Mazda RX-8 ili ndi khalidwe lakelake. Injini yake ya rotary (yokhala ndi chitsulo chozungulira cha nsonga zitatu m'malo mwa mapisitoni) imawotcha oyilo mwadala kuti masili a m'nsonga asaume, choncho kuchepa kwa oyilo si vuto, vuto ndi kusauyang'ana. Ikazimitsidwa isanatenthe imadzaza petulo n'kukana kuliza.

Oyilo wa giyabokosi ndi difu amasinthidwanso?

Inde, ngakhale pamene palembedwa kuti ndi wa moyo wonse wa galimoto. Oyilo wa giyabokosi ya DSG ya magiya 6 ya kilatchi yonyowa amasinthidwa pa makilomita 60,000. Magiyabokosi a PDK ya Porsche ndi GR6 ya GT-R ali ndi oyilo wawowawo, musayese wina. Pa giyabokosi yamanja onani ngati ikufuna oyilo wa gulu la GL-4 kapena GL-5, chifukwa ena a GL-5 sagwirizana ndi ma synchro amkuwa (timphete tothandiza magiya kulowa). Difu ya LSD (yoletsa wilo limodzi kuzungulira lokha) yokhala ndi mbale imafuna oyilo wolembedwa LS, apo ayi imagunda pokhota pang'onopang'ono.

Ndingawonjezere mphamvu posintha pulogalamu ya kompyuta?

Pa injini ya turbo mphamvu imabweradi, koma kutentha kumabwera nayo. Kilatchi, mapulagi, lediyeta, intercooler (choziziritsa mpweya wa turbo) ndi mabuleki zonse zimalandira katundu amene sizinapangidwire, ndipo waranti imatha. Malire a octane amafupikanso, onani funso la petulo. Ngati mwatsimikiza, yambani ndi galimoto yathanzi: kompuleshoni yoyezedwa, palibe pothonya, sevisi yatsopano. Kwa ine, matayala abwino ndi alayimenti yolondola zimasintha kayendedwe kuposa mphamvu yowonjezera. Mafilita a mpweya opaka mafuta muwasamale, mafuta akachuluka amaipitsa sensa yoyeza mpweya.

Galimoto ikhala miyezi osayenda, ndichite chiyani?

Sinthani oyilo musanaisunge, dzazani thanki, onjezani mpweya pang'ono m'matayala kuti asaphwatalale pansi. Handibuleki musakoke, mapadi amamatirira ku disiki. Ikani zotsekera mawilo. Batire lilumikizeni ku tchaja yanzeru yosunga moto. Batire lodzaza limaonetsa mavoti 12.6, ndipo pa BMW zambiri batire latsopano liyenera kulembetsedwa mu kompyuta. Musamailize mphindi zisanu sabata iliyonse poganiza kuti mukuithandiza: mukungodzaza chinyezi mu oyilo ndi mu ekizozi. Tsekani pomwe makoswe angalowere, amadya mawaya.

Nyali ya injini yayaka pa dashibodi, ndipitirize ulendo?

Ikayaka chiyakire yachikasu galimoto ikuyenda bwino, mukhoza kufika kwanu mofatsa n'kuwerengetsa makodi (manambala a mavuto) ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto otchedwa OBD-II. Ikamathwanima, silinda ina sikuwotcha, petulo wosapsa akupita ku catalytic converter (chosefa utsi mu ekizozi) ndipo aisungunula: chotsani phazi, imani pabwino. Nyali yofiira ya oyilo ndiyo yosakambirana, zimitsani pomwepo.

Nambala yomwe makina awerenga imaloza dera la vuto, osati sipeyala yoti mugule. Ikanena za sensa ya okosijeni, mwina ndi waya wodyeka kapena paipi yoyamwa mpweya pomwe yang'ambika. Muuzeni makaniko ayeze kaye, ndipo sipeyala yakale yomwe wachotsa akupatseni muione.